Mmene Mungayerekezere Makampani a Ndege ndi Kusankha Imodzi Yoti Muziyenda Nayo

Tsiku limene zinthu zonse zikuyenda bwino, makampani a ndege amafanana kwambiri. Mumakwera, mumakhala pampando wanu, mumafika, ndipo katundu wanu amakupezani pa lamba woperekera zikwama. Kusiyana kwawo kumaonekera tsiku limene ndege yachedwa maola asanu, kapena ulendo walephereka usiku pakati, kapena sutikesi yanu yatsalira kubwalo la ndege la dziko lina. Choncho amene akufuna kukhala ndi kampani imodzi yoti aziidalira ayenera kuisankha akuganizira tsiku loipalo, osati chithunzi chokongola cha pa chikwangwani chotsatsa malonda. Masitepe otsatirawa ndawaika mu dongosolo limene ndikuona kuti limateteza nthawi ndi ndalama za munthu, ndipo ndi bwino kuwatsata motsatana, chifukwa sitepe iliyonse imachotsa makampani ena pa mndandanda wanu.

Sitepe yoyamba: lembani maulendo anu musanayang'ane kampani iliyonse

Tengani pepala ndipo mulembe malo amene mumapitako kawirikawiri, amene mukuyembekezera kupitako m'zaka ziwiri zikubwerazi, komanso bwalo la ndege limene mumanyamukira. Lembaninso ngati mumayenda nokha kapena ndi ana, ngati mumanyamula katundu wambiri, ndiponso ngati masiku anu oyendera amasinthasintha. Kampani imene yalandira mphoto zambiri padziko lonse ilibe phindu kwa inu ngati siifika kumene mumapita.

Makampani aakulu ambiri amakhala ndi bwalo limodzi kapena awiri kumene ndege zawo zimakumanirana ndi kusinthana anthu. Ethiopian Airlines imasonkhanitsira anthu ku Addis Ababa, Kenya Airways ku Nairobi, Emirates ku Dubai, Qatar Airways ku Doha, Turkish Airlines ku Istanbul, KLM ku Amsterdam, Lufthansa ku Frankfurt ndi Munich, pamene British Airways imadalira kwambiri bwalo la Heathrow ku London. Mukasankha kampani, ndiye kuti mwasankhanso bwalo limene muzidutsapo pafupifupi ulendo uliwonse. Yang'anani pa mapu ngati bwalolo lili m'njira ya kumene mumapita, kapena ngati muzibwerera m'mbuyo maola angapo musanalunjike kumene mukufuna. Pamapeto pa sitepe iyi mutsale ndi makampani atatu kapena anayi okha.

Sitepe yachiwiri: chotsani kampani iliyonse yokayikitsa pa nkhani ya chitetezo

Apa palibe chifukwa chokhalitsa, koma musadumphepo. Bungwe la IATA, limene limasonkhanitsa makampani a ndege ambiri padziko, lili ndi kafukufuku wa chitetezo wotchedwa IOSA amene anayamba mu 2003, ndipo kampani iliyonse imene ili membala wa bungweli iyenera kupambana kafukufukuyu ndi kumaunikidwanso. Mndandanda wa makampani amene anapambana umapezeka pa intaneti. Bungwe la European Union nalonso, kuyambira mu 2006, limafalitsa mayina a makampani oletsedwa kuuluka m'mayiko ake, ndipo limakonzanso mndandandawu nthawi ndi nthawi. Kampani ikapezeka pa mndandanda wa oletsedwa, ichotseni ngakhale ulendo wanu usakhudze Ulaya. Kusapezeka mu IOSA pakokha sikutanthauza kuti kampani ndi yoopsa, popeza makampani ena otsika mtengo amene ali ndi mbiri yabwino sanalowe mu IATA, koma kumafuna kuti mufufuze mozama.

Sitepe yachitatu: pezani mtengo weniweni, osati umene mwauona poyamba

Mawebusaiti monga Google Flights, Skyscanner ndi Kayak amaonetsa mitengo ya makampani ambiri pamalo amodzi, ndipo ndi poyambira pabwino. Vuto lake ndi lakuti mtengo umene umaoneka pamwamba nthawi zambiri umakhala wa tikiti yopanda chilichonse: yopanda sutikesi yopita kunsi kwa ndege, yosalola kusankha mpando, ndiponso yosasinthika. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira yokhayo yodziwira zoona ndi kulowa pa webusaiti ya kampani iliyonse, kusankha masiku omwewo, kuwonjezera zonse zimene mudzafunadi, n'kupitirira mpaka tsamba lolipirira popanda kulipira. Nambala imene ili pa tsamba lomalizalo ndiyo muilembe.

Katundu ndiye amasokoneza anthu ambiri. Makampani ena amawerenga zikwama, ndipo kawirikawiri amalola chikwama chimodzi kapena ziwiri zosapitirira makilogalamu 23 chilichonse kwa anthu okhala m'gawo wamba la ndege. Ena amawerenga kulemera kwa katundu yense pamodzi, mosayang'ana kuti zikwamazo ndi zingati. Ambiri salandira chikwama chimodzi cholemera kuposa makilogalamu 32, ngakhale mutafuna kulipira, pofuna kuteteza misana ya anthu onyamula katundu. Chikwama cholowa nacho m'ndege nthawi zambiri chimakhala cha makilogalamu 7 kapena 8, koma pali makampani amene amalola kachikwama kokwana kunsi kwa mpando kokha, ndipo china chilichonse n'cholipira. Munthu amene amayenda ndi masutikesi awiri akhoza kupeza kuti kampani imene inaoneka yodula ndiyo yotsika mtengo akawerengera zonse.

Yang'ananinso dzina la bwalo limene mudzatera. Makampani otsika mtengo amakonda mabwalo a kutali ndi mizinda: Beauvais, limene limagulitsidwa ngati bwalo la Paris, lili pa mtunda wa makilomita oposa 80 kuchokera mumzindawo, ndipo bwalo la Hahn lili pa mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku Frankfurt. Ndalama za basi ndi maola amene mudzathera pamsewu ndi gawo la mtengo wa ulendowo. Pomaliza werengani malamulo a tikiti: kusintha tsiku kumalipitsidwa bwanji, ndipo mukalephera kuyenda amabweza chiyani. Ngati masiku anu sakhazikika, mfundo imeneyi imalemera kuposa kusiyana kwa mitengo.

Chitani zimenezi pa maulendo awiri kapena atatu osiyana, m'miyezi yosiyananso, chifukwa mtengo wa tsiku limodzi sunena zambiri za kampani.

Sitepe yachinayi: unikani mmene ulendo walumikizidwira

Ngati ulendo wanu umafuna kusintha ndege panjira, funso lalikulu ndi lakuti kodi magawo onse ali pa tikiti imodzi. Akakhala pa tikiti imodzi, kampani ili ndi udindo wokufikitsani kumene mukupita: ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, amakuikani pa ina popanda kulipira, ndipo katundu wanu kawirikawiri amapita yekha mpaka kumapeto. Mukagula matikiti awiri osiyana, kampani yachiwiri imakuonani ngati munthu amene sanabwere, ndipo ikhoza kufafaniza ulendo wanu wonse, kuphatikizapo wobwerera. Mawebusaiti ena amalumikiza okha matikiti osiyana n'kuwaonetsa ngati ulendo umodzi wotsika mtengo, ndiye muziwerenga mosamala mawu aang'onoang'ono ochenjeza kuti mudzafunika kutenga katundu wanu ndi kulembetsanso panjira.

Nthawi yodikira pakati pa ndege ziwiri iyenera kukhala yokwanira. Bwalo lililonse lili ndi nthawi yochepetsetsa yovomerezeka yosinthira ndege, ndipo kampani imagulitsa tikiti ngati nthawiyo yakwana, koma kukwana pa pepala n'kosiyana ndi kukwana kwa munthu amene wanyamula mwana kapena akuyenda ndi kholo lokalamba. Pa maulendo a pakati pa mayiko, ine ndimaona kuti maola awiri kapena atatu ndi abwino. Kudikira kukapitirira maola asanu ndi atatu, funsani ngati kampaniyo imapereka hotela, chifukwa ena amatero pa matikiti ena pamene palibe ndege ina yofulumira.

Pali nkhani ya viza, imene yabweza anthu ambiri pakhomo lokwerera. Dziko la United States limafuna kuti ngakhale munthu wongodutsa akwaniritse malamulo olowera m'dzikolo. United Kingdom ndi mayiko a m'dera la Schengen (gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi) amafuna viza yodutsira kwa nzika za mayiko ena, ngakhale munthu asatuluke m'bwalo la ndege. Kampani imene bwalo lake lalikulu limakufunani viza ulendo uliwonse idzakutopetsani, kaya ndi yabwino bwanji.

Onaninso amene adzayendetsedi ndegeyo. Kampani iliyonse ili ndi zilembo ziwiri zoizindikiritsa, monga ET ya Ethiopian Airlines, KQ ya Kenya Airways, QR ya Qatar Airways ndi EK ya Emirates, koma chifukwa cha mapangano otchedwa codeshare, tikiti ikhoza kukhala ndi zilembo za kampani ina pamene ndege ndi antchito ake ndi a kampani inanso. Pa tikiti pamalembedwa mawu akuti "operated by" motsatana ndi dzina la kampani yeniyeniyo, ndipo mipando, chakudya komanso malamulo a chikwama cha m'manja zidzakhala za kampani imeneyo.

Sitepe yachisanu: fufuzani kasungidwe ka nthawi ndi kuchuluka kwa ndege

M'ntchito ya ndege, ulendo umawerengedwa kuti wasunga nthawi ngati wafika pasanathe mphindi 15 kuchokera pa nthawi yolembedwa. Mabungwe a Cirium ndi OAG amafalitsa malipoti oonetsa mmene makampani akuchitira, koma chothandiza kwambiri ndi mbiri ya ulendo weniweni umene mudzakwere. Lembani nambala ya ulendowo pa webusaiti ya Flightradar24 kapena ya FlightAware, ndipo mudzaona nthawi imene ndegeyo yakhala ikunyamuka ndi kufika masiku apitawa. Kampani ikhoza kukhala ndi mbiri yabwino ponseponse koma n'kumachedwa pa njira yanu yokha. Nthawi zambiri ndege za m'mawa zimasunga nthawi kuposa za madzulo, chifukwa kuchedwa kumawunjikana tsiku likamapita.

Chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira ndi kuchuluka kwa maulendo pa mlungu. Kampani imene imauluka njira yanu kawiri pa tsiku, ikalephera ulendo umodzi idzakuikani pa wina tsiku lomwelo. Imene imauluka katatu pa mlungu ikhoza kukusiyani masiku awiri, ndipo ndege yotsatirayo ikakhala yodzaza, masikuwo amawonjezeka. Kwa munthu wopita ku msonkhano, ku mayeso kapena kuchipatala, ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa kukoma kwa chakudya cha m'ndege.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: dziwani chimene kampani idzakuchitireni zinthu zikalakwika

Pangano la Montreal la 1999, limene mayiko ambiri analisaina, limaika udindo pa makampani a ndege pa maulendo a pakati pa mayiko. Katundu akawonongeka, muyenera kudandaula mwa kulemba pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku limene mwamulandira. Akachedwa, muli ndi masiku 21 kuchokera tsiku limene wafika, ndipo akapanda kupezeka patatha masiku 21 amawerengedwa kuti wasowa. Chipepeso chili ndi malire, choncho zinthu za mtengo wapatali, mankhwala ndi zikalata muzikhala nazo m'manja. Lamuloli ndi limodzi kwa onse, koma kasamalidwe ka madandaulo kamasiyana kwambiri: ena amayankha m'masiku ochepa, ena amangokhala chete mpaka munthu atatopa.

Kwa amene amapita ku Ulaya pali lamulo la European Union nambala 261 la 2004, limene likhoza kusintha chisankho chanu. Limakhudza ndege iliyonse yonyamuka m'dziko la European Union, kaya ndi ya kampani iti, koma pa ndege zochokera kunja kulowa m'mayikowo limakhudza makampani a mu European Union okha. Ulendo ukalephereka mwadzidzidzi, kapena mukafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa pa chifukwa chimene kampani ikanatha kupewa, chipepeso chake ndi mayuro 250, 400 kapena 600, malinga ndi kutalika kwa ulendo, ndipo ndalama yaikuluyo ndi ya maulendo opitirira makilomita 3,500. Vuto likachokera ku nyengo yoipa kapena zina zimene kampani singazilamulire, chipepeso sichiperekedwa, koma chakudya ndi malo ogona ziyenera kuperekedwabe. Tanthauzo lake ndi lakuti anthu awiri opita ku Amsterdam tsiku limodzi, wina pa kampani ya ku Ulaya wina pa kampani ya kunja, alibe ufulu wofanana ndege zikachedwa. United Kingdom inasunga lamulo lofanana nalo itatuluka mu European Union. Ku United States kulibe lamulo lotere la chipepeso cha kuchedwa, koma munthu amene wagula tikiti ku kampani mwachindunji, kutatsala masiku 7 kapena kuposa kuti anyamuke, amapatsidwa maola 24 oti asinthe maganizo popanda kutaya ndalama.

Musanasankhe, yesani nokha. Imbani lamya ku ofesi ya kampaniyo kapena alembereni uthenga, muwafunse funso lenileni, monga mmene angasinthire tsiku pa tikiti yotsika mtengo. Onani ngati mwalankhula ndi munthu, ngati wayankha zomveka, ndiponso kuti zatenga nthawi yaitali bwanji. Kampani imene ikuvuta kuipeza pamene mukufuna kuipatsa ndalama siidzapezeka pamene mukufuna kuti ikubwezereni. Powerenga ndemanga za anthu pa intaneti, siyani zoyamikira ndi zotukwana, mufufuze zofotokoza mmene vuto linathetsedwera, ndipo muone ngati dandaulo limodzimodzi likubwerezedwa ndi anthu ambiri m'miyezi yaposachedwa.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri: ganizirani za thupi lanu ndi za amene mumayenda nawo

Pa ulendo wa ola limodzi mpando ulibe kanthu, koma pa ulendo wa maola khumi umamveka m'mafupa. Mpata wa pakati pa mizere ya mipando m'gawo wamba umakhala pafupifupi masentimita 71 mpaka 81, ndipo ndege ya mtundu umodzi imakonzedwa mosiyana: Boeing 777 ikhoza kukhala ndi mipando 9 pa mzere umodzi ku kampani ina, koma 10 ku inzake. Oyenda ndi khanda losakwana zaka ziwiri afunse za kabedi ka mwana ndi katundu wololedwa. Amayi oyembekezera aone malire a milungu, popeza makampani ambiri amafuna kalata ya dokotala mimba ikadutsa milungu 28 ndipo salola kuyenda ikafika milungu 36. Wofuna njinga ya olumala kapena chakudya chapadera adziwitse kampani kutatsala maola 48.

Sitepe yachisanu ndi chitatu: tsopano yang'anani mapointi ndi migwirizano

Ndaika nkhani imeneyi mochedwa mwadala, chifukwa mapointi, amene makampani amapatsa okwera ndege zawo kuti adzagulire matikiti kapena zinthu zina, amanyengerera anthu kulipira zambiri pa kampani imene siwayenera. Ali ndi phindu, koma phindulo libwere pambuyo pa zonse zatchulidwa kale.

Pali migwirizano itatu ikuluikulu ya makampani a ndege. Star Alliance inayamba mu 1997, ndipo muli Lufthansa, United Airlines, Turkish Airlines, EgyptAir, South African Airways ndi Ethiopian Airlines, imene inalowa mu 2011. Mgwirizano wa oneworld unayamba mu 1999, ndipo muli British Airways, American Airlines, Qatar Airways ndi Royal Air Maroc. SkyTeam inayamba mu 2000, ndipo muli Air France, KLM, Delta Air Lines ndi Kenya Airways. Emirates siili mu mgwirizano uliwonse mwa itatuyi, koma ili ndi mapangano akeake ndi makampani ena. Umembala umasintha: SAS, kampani ya ku Denmark, Norway ndi Sweden imene inali m'gulu la oyambitsa Star Alliance, inasamukira ku SkyTeam mu 2024.

Ubwino wa mgwirizano ndi wakuti mumalembetsa mu dongosolo la mapointi la kampani imodzi, monga ShebaMiles ya Ethiopian Airlines, Flying Blue ya Air France ndi KLM, kapena Miles & More ya Lufthansa, n'kumasonkhanitsa mapointi ngakhale mwakwera ndege ya kampani ina ya mu mgwirizano womwewo. Musamwaze mapointi m'madongosolo ambiri, chifukwa mudzakhala ndi pang'ono paliponse popanda chogula nacho. Werengani mmene mapointi amapezedwera, popeza makampani ambiri tsopano amawerengera ndalama zimene mwalipira m'malo mwa kutalika kwa ulendo, ndipo matikiti otsikitsitsa mtengo nthawi zina sabweretsa pointi ngakhale imodzi. Onani kuti amatha ntchito pakapita nthawi yaitali bwanji, ndipo kumbukirani kuti tikiti yogula ndi mapointi imafunabe kulipira misonkho ndi ndalama zina zowonjezera.

Phindu lenileni lili pa kukwera mulingo wa umembala, kumene kumabweretsa sutikesi yowonjezera, mzere wachangu polembetsa, chipinda chopumira ku bwalo la ndege, komanso kuthandizidwa msanga ulendo ukasokonekera. Werengerani moona mtima ngati maulendo anu a pachaka angakufikitseni pa mulingo umenewo. Ngati sangakufikitseni, lembetsani ndithu chifukwa n'kwaulere, koma musawonjezere ndalama pa tikiti pofuna mapointi. Musawasungenso zaka zambiri, chifukwa makampani amasintha mtengo wake, ndipo ena amagwa kumene, monga zinachitikira Air Berlin mu 2017 ndi Jet Airways mu 2019.

Sitepe yomaliza: yesani, sankhani, ndipo mukhale ndi yachiwiri

Makampani awiri amene atsala muwayese pa ulendo weniweni musanamange mtima. Lembani zimene mwaona zikadali m'mutu: nthawi yonyamukira ndi yofikira, mmene katundu wafikira, ndi mmene antchito achitira ndi munthu amene anali ndi vuto, ngakhale munthuyo asakhale inu. Pamene mitengo ili pafupi, gulani pa webusaiti ya kampani kapena kwa ejenti wodziwika amene mungathe kumupeza, chifukwa tikiti yogulidwa kudzera kwa wina nthawi zambiri imasinthidwa ndi kubwezedwa kudzera kwa iye yemweyo. Lipirani ndi khadi la kubanki limene limalola kutsutsa malipiro ngati ulendo sunachitike, ndipo dzina la pa tikiti lifanane ndendende ndi la mu pasipoti.

Dziikireni malire a ndalama zimene mungalole kuwonjezera kuti muyende ndi kampani yanu yoyamba, mwachitsanzo gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa tikiti, ndipo kusiyana kukaposa pamenepo mupite kwa yachiwiri, makamaka ngati ili mu mgwirizano womwewo. Kamodzi pachaka bwerezani sitepe yachitatu ndi yachisanu, chifukwa makampani amatseka njira zina, amachepetsa katundu wololedwa ndiponso amasintha nthawi zonyamukira, ndipo njira imene chaka chatha inali ndi ndege tsiku lililonse ikhoza kutsala ndi maulendo atatu okha pa mlungu.